Momwe mungakonzere gulu la ndalama kukhulupirirana kukasweka kuno ku Joni

Mmalawi amene wakhalitsa mu Johannesburg amadziwa kuti pafupifupi chilichonse chofunika pa moyo wake chimadutsa m'manja mwa munthu wina. Ndalama za chipereganyu zimagona kwa msungichuma, katundu wopita kumudzi timamusiya kwa transipota amene tinangomudziwira kwa mnzathu, nyumba imene tikumanga ku Mangochi kapena ku Mzimba akuyang'anira ndi mlamu, ndipo tsiku limene tidzatsikire kulichete, thupi lathu lidzawoloka pa Beitbridge, pa Nyamapanda ndi pa Zobue mpaka kukalowa pa Mwanza ndi ndalama za bungwe la maliro. Agogo athu amene ankabwera kumigodi pa Wenela anali ndi potsamira, chifukwa gawo lina la malipiro awo linkasungidwa kuti akalandirire kumudzi. Ife amene timagwira ntchito m'minda ya maluwa, m'nyumba za anthu, m'mashopu ndi pa makina osokera tilibe dongosolo lotero, koma tili ndi anzathu basi.

Kumudzi munthu akadya ndalama za gulu amadziwika kwawo, amalume ake amadziwika, ndipo nyakwawa ili pomwepo. Kuno munthu angathe kusintha nambala ya foni n'kusamuka ku Mayfair kupita ku Diepsloot, nkhani n'kuthera m'malere. N'chifukwa chake kukhulupirirana kwa kuno kumafunika kuchita kukumanga dala.

Malangizo awa ndawatenga pa zimene zinagwera gulu lathu la maliro, la anthu 14 amene tinkasonkha R300 aliyense pamwezi. Mmodzi wa ife atamwalira m'nyengo yozizira, msungichuma, bambo wodekha amene tinkapemphera naye, anabwera ndi ndalama zosakwana ngakhale theka la zimene kaundula ankasonyeza. Gululo lilipobe mpaka lero, ndipo bamboyo akadali membala.

Choyamba, tsekani pakamwa pa gulu la pa WhatsApp

Zinthu zikangodziwika, mitima imakhala m'mwamba ndipo aliyense amafuna kujambula mawu ake n'kuponya pa gulu. Wapampando aletse zimenezi tsiku lomwelo, ndipo ngati n'kotheka atseke gulu kuti otsogolera okha ndiwo azilemba. Mawu oti "wakuba" akangolembedwa amatumizidwa kwa ena, amafika kumudzi madzulo omwewo, ndipo munthu amene wachititsidwa manyazi pamaso pa apongozi ake sabweranso kudzakhala pansi, amangozimitsa foni. Madzi akatayika saoleka, ndipo mukamutaya munthuyo mwatayanso ndalama zanu.

Ngati pali vuto la mwadzidzidzi, monga maliro, lithetseni kaye palokha. Ife tinasonkha mwapadera, tinayendetsa mbale ya chipepeso kutchalitchi ndi kwa anzathu a ku mzikiti wa ku Fordsburg, thupi n'kunyamuka. Mlandu suwola, ungathe kudikira sabata ziwiri, pamene banja lofedwa silingadikire. Tumizani anthu awiri okha, osati gulu, kuti akaonane ndi woganiziridwayo maso ndi maso ndi kumuuza tsiku la msonkhano.

Chachiwiri, pezani chiwerengero chenicheni musanaweruze

Apa ndi pamene magulu ambiri amalephera, chifukwa amathamangira kukambirana khalidwe la munthu asanadziwe kuti zasowa ndi zingati. Sankhani anthu awiri odziwa masamu, mmodzi wosankhidwa ndi gulu ndipo wina wosankhidwa ndi woganiziridwayo, akhale pansi ndi kope la gulu, sitetimenti ya ku banki, malisiti ndi mauthenga a pafoni osonyeza ndalama zimene zinalowa. Membala aliyense abweretse umboni wa zimene anapereka. Mudzadabwa kuona kuti ena mwa amene akukuwa kwambiri ali ndi miyezi itatu osasonkha, ndipo zimenezi nazonso ziyenera kulembedwa, pakuti chilungamo chokomera mbali imodzi sichimanga gulu.

Pomaliza pakhale pepala limodzi losonyeza zimene zinalowa, zimene zinatuluka movomerezeka, ndi zimene zikusowa. Musadalire za kandimverere, paja anakanena za m'maluwa.

Mukapeza chiwerengerocho, funsani kuti ndalamazo zinapita bwanji, chifukwa kusowa kwa ndalama kuli mitundumitundu ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Pali kuba kwenikweni, komwe munthu anakonza kuchokera pachiyambi ndipo analemba zabodza m'kope. Pali kubwereka mobisa, komwe munthu anatapa poganiza kuti abweza mwezi wamawa, ntchito n'kumuthera, dzenje n'kumakula. Palinso kusadziwa kulemba bwino, kapena kusokonezeka ndi kasinthidwe ka ndalama. Amene ankatumiza ndalama kumudzi mu November 2023, pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 alionse, akukumbukira momwe mitengo ya simenti ndi malata inasinthira m'masiku ochepa, moti abale ambiri anaganiziridwa kuba pamene chinawadya ndi msika. Msungichuma wathu anali wa mtundu wachiwiri: anabwereketsa ndalama kwa msuweni wake amene ankafuna kupikula katundu wokagulitsa ku Limbe, ndipo msuweniyo sanabwererenso. Kunali kulakwa kwakukulu ndithu, koma kulakwa kwa munthu amene tikanatha kukhala naye pansi.

Chachitatu, konzani bwalo ndipo mupeze mkhalapakati

Msonkhano wotere usachitikire kunyumba kwa wolakwa kapena kwa wolakwiridwa kwambiri, komanso usachitikire pamalo a mowa. Holo ya tchalitchi ikatha mapemphero, kapena galaja ya membala wachikulire, ndi malo abwino. Musankhe mkhalapakati amene si membala wa gulu ndipo si mbale wa aliyense, monga m'busa, shehe, kapena munthu wamkulu amene mbali zonse zimamupatsa ulemu. Chifukwa chake n'chakuti magulu athu ambiri ndi a anthu ochokera dera limodzi, ndipo wolakwayo amakhala mlamu wa wapampando kapena mwana wa azakhali a mlembi. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Wapampando amene ali pachibale ndi wolakwa adzakhala wofewa mopitirira kapena wouma mopitirira pofuna kudziyeretsa, ndipo zonse ziwiri zimasiya madandaulo.

Dongosolo la kulankhula likhale lotere. Owerengera ndalama aja awerenge pepala lawo poyamba. Kenako woganiziridwa alankhule mpaka amalize popanda womudula. Pambuyo pake membala aliyense anene momwe nkhaniyi yamukhudzira iye mwini, osati zimene akuganiza za mtima wa mnzake. Pa msonkhano wathu, mayi wina amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg sanakweze mawu ngakhale pang'ono. Anangoti, "Bambo msungichuma, R300 imene ndinkakupatsani ija inali ya thiransipoti. Masiku ena ndinkayenda wapansi kuchokera kuntchito kuti ikwane. Ndimafuna mungodziwa zimenezo." Bamboyo, amene mpaka nthawi imeneyo ankangozungulira ndi zifukwa, anawerama n'kuvula chipewa. Mawu a mayiyo anachita zimene kukuwa kwa amuna asanu kunalephera.

Pali chinthu chimodzi chimene mkhalapakati ayenera kuletseratu msonkhano usanayambe, ndicho kuopsezana ndi mapepala. Tonse tikudziwa kuti pasipoti ya Malawi imapatsidwa masiku 30 okha polowa m'dziko lino, ndipo si onse pakati pathu amene zikalata zawo zili m'malo. Kuuza mnzanu kuti mukamunenera kupolisi kapena ku Home Affairs, ofesi ya boma yoona za zikalata za anthu, chifukwa cha mapepala ake sikubweza ngakhale R1, koma kumaphunzitsa membala aliyense kuti tsiku lina zinsinsi zake zidzasanduka chikwapu chomukwapulira. Gulu limene lafika pamenepo latha, ngakhale ndalama zitabwera zonse.

Chachinayi, kwa inu amene mwalakwa

Ngati wolakwa ndinu, nenani zonse pa tsiku limodzi. Palibe chimene chimapha kukhulupirirana ngati chilungamo chotuluka pang'onopang'ono, lero kuvomera R4 000, sabata yamawa n'kudziwika kuti panalinso R2 000 ina. Anthu amatha kupirira nkhani yoipa ikabwera yonse, koma ikamabwera zidutswazidutswa amayamba kukayika ngakhale zoona zimene mwanena.

Tchulani chimene munachita ndi dzina lake. "Ndinatenga ndalama za gulu popanda chilolezo, ndipo mwezi ndi mwezi ndinkakuuzani kuti zili ku banki ndikudziwa kuti kulibe." Chiganizo chotere n'chowawa kuchilankhula, koma ndi chokhacho chimene anthu akudikira. Pewani mawu oti "ngati ndinakulakwirani", pewani kunamizira Satana, ndipo musawerenge zabwino zimene munachitira gulu m'mbuyomu, pakuti anthu akuzikumbukira okha ndipo n'chifukwa chake akuvutika mtima chonchi. Zifukwa zanu muzinene mukafunsidwa, ndipo muzinene mwachidule. Tulani udindo nokha musanauzidwe, mupereke kope, khadi la ku banki ndi china chilichonse cha gulu pamaso pa onse. Musapemphe kuti akukhululukireni tsiku lomwelo, chifukwa kutero ndi kusenzetsanso katundu anthu amene mwawapweteka kale.

Chachisanu, lembani pangano la kabwezedwe

Lonjezo la pakamwa ndi limene linakufikitsani pa vutoli, choncho tsopano zonse zikhale papepala: ndalama zonse zimene munthuyo akuvomera, zimene azibweza pamwezi, tsiku lake, ndi kumene azipereka. Asaine iye, wapampando, mlembi ndi mboni ziwiri. Mungathenso kupita naye kupolisi iliyonse kuti akalembe chikalata cholumbira chovomera ngongoleyo, ndipo kudinditsa chikalata chotere kupolisi salipiritsa.

Langizo langa lalikulu pano ndi lakuti musamuikire ndalama zochuluka kuposa zimene angakwanitse. Munthu wamanyazi amavomera chilichonse kuti msonkhano uthe msanga, ndipo akalonjeza R2 000 pamwezi pamene malipiro ake akungokwanira lendi ndi chakudya, adzalephera mwezi wachiwiri, aname kachiwiri, kenako athawe. Kuli bwino R500 imene ikufika pa 5 mwezi uliwonse osaphonya, chifukwa kufika kwake kosalekezako ndiko kumachiritsa anthu kuposa kukula kwa ndalamazo. Musaikepo chiwongoladzanja cha katapila ngati chilango. Mulembenso kuti ngati mwezi wina zavuta, adziwitse mlembi tsikulo lisanafike, osati kudikira kuti amufunefune.

Ndi bwino kudziwa zimene malamulo a dziko lino amanena, ngakhale simukufuna kukafika kukhoti. Khoti la milandu ing'onoing'ono, lotchedwa Small Claims Court, limamva milandu ya ndalama zochepa (mu 2019 malire ake anaikidwa pa R20 000), silifuna loya, ndipo wosuma amakhala munthu payekha amene wayamba walembera wangongole kalata yomupatsa masiku 14 kuti abweze. Komanso ngongole wamba imafa pamalamulo pakatha zaka zitatu osaitsatira, koma wangongole akaivomera nthawiyo imayambiranso. Apa ndi pamene kapepala kosainidwa kaja kamaonetsa ntchito yake.

Chachisanu ndi chimodzi, sinthani dongosolo kwa aliyense

Titafatsa tinaona kuti gulu lathu linamuika bamboyo pa mayesero amene ambiri a ife tikanagwa nawo. Kwa zaka zitatu ndalama zinkalowa mu akaunti yake ya malipiro, palibe amene anapemphapo sitetimenti, ndipo aliyense amene ankafuna kufunsa ankaopa kuoneka ngati akukayikira munthu wamkulu. Ulemu wathu womwewu, umene ndi wabwino pa zinthu zina, ndi umene unatipweteka.

Ndalama za gulu zisakhale mu akaunti ya munthu mmodzi kapena pansi pa matiresi. Mabanki akuluakulu a kuno, monga FNB, Nedbank, Absa ndi Standard Bank, ali ndi maakaunti a magulu amene eni dziko amawatcha stokvel, ndipo ndalama sizituluka popanda chilolezo cha osainira angapo. Chifukwa cha lamulo la FICA, limene limalamula mabanki kudziwa bwino makasitomala awo, banki idzafuna zikalata za osainirawo, choncho sankhani mamembala amene mapepala awo ali bwino, koma asakhale a banja limodzi kapena okhala nyumba imodzi. Wolemba kope akhale wina, wosunga khadi akhale wina. Pa msonkhano uliwonse sitetimenti iwerengedwe mokweza ndipo chithunzi chake chiponyedwe pa gulu, ngakhale mwezi umene palibe chachitika. Maudindo azisinthana chaka ndi chaka. Ndipo lamulo la kubwereka lilembedwe momveka, kaya mukuloleza kaya mukuletsa, kuti pasakhalenso wonena kuti anangothandiza mbale.

Malamulo amenewa agwire aliyense, kuyambira wapampando. Mukawaika ngati a munthu mmodzi yekha amakhala chitonzo, koma akakhala a onse, kufunsa lisiti kumaleka kuoneka ngati chipongwe n'kukhala chizolowezi wamba ngati kupereka moni.

Chachisanu ndi chiwiri, bwezerani udindo pang'onopang'ono

Kukhululuka ndi kwina, kubwezera munthu thumba la ndalama ndi kwinanso. Anthu opemphera amasokoneza kawirikawiri ziwirizi, n'kumaona ngati kukana kumubwezera pa udindo ndi kusunga mangawa. Mungathe kumukhululukira lero, kudya naye nsima ndi kumuyendera akadwala, koma khadi la ku banki n'kukhalabe kwa wina. Yambani kumutuma zing'onozing'ono zimene zotsatira zake zimaoneka msanga, monga kukonza malo a msonkhano, kukumbutsa anthu tsiku losonkha, kapena kuperekeza banja lofedwa ku Home Affairs kukatenga chikalata cha imfa ndi ku ofesi ya kazembe wa Malawi. Akakwaniritsa, zinenedwe pagulu monga momwe kulakwa kwake kunanenedwera pagulu.

Olakwiridwa nawonso ali ndi ntchito yawo, ndipo si yopepuka. Pangano likasainidwa, nthabwala zolasa zithe, ndipo nkhaniyo isamadzutsidwe pa mkangano uliwonse watsopano. Mkazi wake ndi ana ake asasalidwe, chifukwa sanasaine kope ndi iwo. Amene mtima wake sunatsike anene poyera kuti akufuna nthawi, kusiyana ndi kumwetulira pamsonkhano kenako n'kumakanong'ona pa basi.

Njira yomweyi imagwiranso ntchito pakati pa inu ndi abale a kumudzi. Ngati ndalama zomangira nyumba zinayenda molakwika, musasiye kulankhulana ndipo musapitirize kutumiza mwachimbulimbuli. Gawani ntchito m'zigawo, maziko paokha, zipupa pazokha, denga palokha, ndipo ndalama za gawo lotsatira zizipita mukaona malisiti ndi kanema wa gawo lapitalo. Mukatumiza kudzera ku Mukuru, Hello Paisa kapena Mama Money, sungani uthenga wotsimikizira ndipo muuze munthu wachiwiri wa m'banjamo kuchuluka kwake. Inunso muziwauza zoona za malipiro anu, pakuti ambiri kumudzi amatapa ndalama zathu poganiza kuti ku Joni marandi amachita kutola. Kwa transipota, lembani katundu yense pamaso pake, mujambule zithunzi, mugwirizane tsiku lofika, ndipo gawo lina la malipiro lidikire mpaka katundu atalandiridwa.

Pamene zakanika

Si nkhani zonse zimene zimatha bwino. Ngati munthu akukana chiwerengero chimene womuimira wake yemwe wavomereza, ngati waphonya kubweza kangapo osanena chilichonse, kapena ngati mwapeza kuti anachitanso zomwezo ku gulu lina, musadzivutitse ndi misonkhano yosatha. Mulembereni kalata yomuchotsa m'gulu motsatira malamulo anu, mutsatire ngongoleyo kukhoti ngati ikuyenera, ndipo gulu lina likakufunsani za iye munene zimene zinalembedwa papepala zokha, osawonjezera mchere. Ngati ndi gulu lonse limene latopa, gawanani zotsala pamaso pa mkhalapakati yemwe uja, aliyense asainire zimene walandira, kuti mudzathe kupatsana moni mukadzakumana pokwerera mabasi pa Park Station.

Kwa ife sizinafike pamenepo. Bambo uja anabweza kwa miyezi yambiri, ndipo kawiri konse anaimbira mlembi tsiku lisanafike kunena kuti mwezi umenewo apereka theka. Atamaliza, mlembi anawerenga lisiti lomaliza pamsonkhano, anthu n'kuwomba m'manja pang'ono, ena osawomba. Chaka chathachi wina anatchula dzina lake pa chisankho cha msungichuma, koma iye anaimirira n'kunena kuti, "Pepani akuluakulu, thumba lisadzabwerenso kwa ine, mundisiyire ntchito yoyendera odwala." Mayi wa ku Randburg uja ndiye akusunga kope tsopano, ndipo sitetimenti amapatsa bamboyo kuti ndiye aziwerenga mokweza.